Eric Hultén, katswiri wa zomera amene adatcha dzina dziko lomira m'nyanja

Pakati pa Siberia ku Russia ndi Alaska ku United States pali mpata wa nyanja wotchedwa Bering Strait. M'lifupi mwake ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo ndi wosaya: malo ambiri kuya kwake kumangoyambira pa mamita 30 kulekeza pa 50. Pa nthawi imene ayezi adakuta kumpoto kwa dziko lapansi, zaka 21,000 zapitazo kapena chapomwepo, madzi ochuluka adagwidwa mu ayeziyo moti nyanja zonse zidatsika ndi mamita pafupifupi 120. Mpatawo udauma. Pamalo pake padatsala chigwa chachikulu, chotalika makilomita oposa 1,000 kuchokera kumpoto kukafika kumwera, cholumikiza Asia ndi America. Dziko limeneli limatchedwa Beringia, ndipo amene adalipatsa dzinali mu 1937 anali munthu wa zomera wa ku Sweden, Eric Hultén. Sadakumbe pansi pa nyanja, sadapime miyala. Umboni wake unali zomera zouma zomatidwa pa mapepala ndi timadontho tolembedwa pa mapu.

Anthu ena adaganizapo kale, zaka mazana angapo iye asanabadwe, kuti makontinenti awiriwa adali olumikizana chakumpoto. Chatsopano chimene Hultén adabweretsa n'chakuti dziko lija silidali mlatho wongodutsapo. Lidali kothawira, kumene zomera zidapulumukira pamene madera ena ambiri a kumpoto adali pansi pa ayezi, ndipo n'kuchokera kumeneko zidafalikiranso ayezi atasungunuka.

Oskar Eric Gunnar Hultén adabadwa pa 18 Marichi 1894 ku Halla, m'chigawo cha Södermanland, ndipo adaphunzira ku Stockholm. Ali ndi zaka 26 adalowa m'gulu la anthu a ku Sweden lopita ku Kamchatka, dera la kum'mawa kwenikweni kwa Russia lolowa m'nyanja ya Pacific makilomita oposa 1,200, lodzaza ndi mapiri ophulika. Ulendowu udatenga zaka za 1920 mpaka 1922, nkhondo yapachiweniweni ya ku Russia isanathe. Mtsogoleri anali Sten Bergman, wa zinyama. Munalinso René Malaise, wa tizilombo, yemwe pambuyo pake adapanga msampha wonga tenti umene akatswiri a tizilombo amautchula ndi dzina lake mpaka lero. Hultén adapita ndi mkazi wake Elsie, ndipo ntchito yake yaikulu adaigwira chakumwera kwa Kamchatka.

Kumeneko si malo ochezeka kwa wotola zomera. M'zigwa muli zitsamba monga Filipendula camtschatica zimene m'nyengo imodzi yotentha zimakula kupitirira msinkhu wa munthu, mwina mpaka mamita atatu. Ukakwera pang'ono umapeza nkhalango za mitengo yotchedwa Betula ermanii, ndipo pamwamba pake pali zitsamba zoyangayanga za Pinus pumila, paini wokwawa amene nthambi zake zimalukana moti kuyendamo ndi kukwawa basi. Udzudzu ndi wosaneneka, zimbalangondo n'zambiri, ndipo chinyezi sichichoka.

Chinyezicho ndiye mdani weniweni, chifukwa ntchito yonse ya munthu wa zomera imadalira kuumitsa. Njira yake sidasinthe kwenikweni kuyambira nthawi imeneyo. Chomera amachizula ndi mizu yomwe, n'kuchiyala m'kati mwa pepala la nyuzipepala lopinda pawiri, masamba ena atawatembenuza kuti kunsi kwake kuzioneka. Pamwamba ndi pansi amaika mapepala okhuthala omwa madzi, kenako chomera china, mpaka mulu. Muluwo amaupanikiza pakati pa timatabwa tiwiri ta masentimita pafupifupi 30 m'lifupi ndi 45 m'litali, n'kumanga zolimba ndi malamba awiri. Mapepala omwa madziwo ayenera kusinthidwa tsiku lililonse masiku oyambirira, ndi malamba kukokedwanso chifukwa mulu umaphwa. Ukachedwa kusintha, masamba amada ndipo chuku chimagwira maluwa. Pakatha masiku atatu kapena anayi zonse n'zotaya. Ukafulumiza pouyandikiza kwambiri kumoto, chomera chimapsa n'kumafumbutuka ukachigwira. Kutentha koyenera ndi madigiri 35 mpaka 45, ndi mpweya woyenda. M'dziko la mvula ndi chifunga, zimenezi zimatanthauza kuti madzulo alionse wina akhale akuumitsa mapepala onyowa kuti mawa apezeke ouma.

Palinso mitundu yovuta payokha. Misondodzi, imene kumpoto kuli mitundu yake yambirimbiri, imakhala ndi mtengo wamwamuna ndi wamkazi padera, ndipo yambiri imatulutsa maluwa masamba asanaphuke. Kuti udziwe mtundu wake bwino pamafunika maluwa ndi masamba okhwima a mtengo womwewo, kutanthauza kubwererako kawiri. Udzu wa m'madambo wotchedwa Carex sudziwika popanda njere zokhwima ndi tsinde la pansi. Maluwa achikasu a Papaver wa kumpoto amasanduka obiriwira akauma, choncho ngati mtundu wa duwa sunalembedwe lili laliwisi, wodzaliona pambuyo pake asokera.

Chomera chikauma amachimata pa pepala lolimba la masentimita pafupifupi 29 ndi 42, ndipo pakona amaikapo kachikalata: dzina la wotola, nambala yake, tsiku, malo, kutalika kwa malowo kuchokera pa nyanja, ndi mtundu wa nthaka. Mapepala otere amasungidwa m'nyumba yotchedwa herbarium. Amene adalowapo mu National Herbarium ku Zomba akudziwa makabati ake. Kale ankawathira mankhwala a poizoni okhala ndi mercury kuti tizilombo tisawafumbe. Masiku ano amawaika mu firiji yozizira madigiri 18 kapena 20 pansi pa ziro kwa sabata. Pa zonsezi, kachikalata kaja ndiye kofunika koposa kwa munthu ngati Hultén. Chomera chokongola chopanda malo olembedwa sichingakhale kadontho pa mapu.

Zimene adatola, pamodzi ndi zimene ena adatola kale, zidatuluka m'buku la magawo anayi lotchedwa Flora of Kamtchatka and the Adjacent Islands, pakati pa 1927 ndi 1930. M'zaka zomwezo Vladimir Komarov wa ku Russia, amene adayenda ku Kamchatka mu 1908 ndi 1909, adatulutsanso buku lake la zomera za dera lomwelo. Awiriwa ankasiyana pa nkhani imene ikuoneka ngati ya m'kalasi chabe koma imasintha mapu onse. Komarov ndi omutsatira ankati gulu lililonse la zomera losiyanako pang'ono, lokhala m'dera lakelake, ndi mtundu wodziimira wofunika dzina lake. Hultén ankaphatikiza: zomera zofanana kwambiri za ku Norway, Siberia ndi Alaska ankaziika mu mtundu umodzi, zosiyana zing'onozing'onozo n'kuziyesa nthambi za mtunduwo. Ukatsata njira yoyamba, mapu ako amaonetsa mitundu itatu, uliwonse m'khola lake, ndipo sukuona kuti n'zachibale. Ukatsata yachiwiri umaona chomera chimodzi chozungulira dziko lonse chakumpoto, ndi mipata imene ikufuna kufotokozedwa. Njira ya Hultén ili ndi vuto lake, poti nthawi zina imabisa kusiyana kwenikweni, koma popanda iyo funso la Beringia silikadafunsika n'komwe.

Digiri ya licentiate, yotsogolera ya udokotala, Hultén adaipeza ku Stockholm mu 1931, ndipo chapanthawi yomweyo adasamukira ku Lund, mzinda wa kumwera kwa Sweden, kukagwira ntchito yosamalira zomera zouma za payunivesite. Mu 1932 adapita ku zilumba za Aleutian, mndandanda wa zilumba wotalika makilomita pafupifupi 1,900 kuchokera ku Alaska kulowera ku Kamchatka. Ukayang'ana pa mapu, zilumbazi zimaoneka ngati miyala yoponda powoloka mtsinje, ndipo n'kosavuta kuganiza kuti zomera zidadutsa pamenepo. Zomera zenizenizo zidanena zina. Zilumba za kumadzulo zili ndi mitundu ina yochokera ku Asia, za kum'mawa zili ndi yochokera ku America, ndipo yambiri mwa mitunduyi imathera panjira osafika mbali inayo. Nyanjanso ikuvomereza: pakati pa Kamchatka ndi zilumba za Commander, za kumadzulo kwenikweni kwa mndandandawo, kuya kwake ndi mamita masauzande, choncho kutsika kwa mamita 120 sikukadaumitsa kanthu. Njira yaikulu idali kumpoto, kumene madzi ndi osaya.

Pa ulendo womwewo mnzake wa ku America, Walter Eyerdam, adatola kachomera ka mtundu wa fern pa chilumba cha Atka. Katswiri wa ku Denmark, Carl Christensen, adakatcha Polystichum aleuticum. Pa Atka sikadapezekenso ngakhale anthu adafunafuna. Kadadzaonekanso mu 1975 pa phiri la chilumba china, Adak, ndipo lero kali m'gulu la zomera zotetezedwa ndi lamulo ku United States. Kadontho kamodzi ka 1932 kameneko kadakali pa mapu, koma palibe angaloze thanthwe lenileni pamene kadamera.

Chaka cha 1937 Hultén adatulutsa mabuku awiri: la zomera za ku Aleutian, ndi la udokotala wake ku Lund, Outline of the History of Arctic and Boreal Biota during the Quaternary Period. Apa n'kuti ali ndi zaka 43. Ena angati adachedwa, koma buku lotere silikadalembeka ndi munthu amene sadathe zaka zoposa khumi akuwerenga timakalata ta pa mapepala a zomera.

Njira yake imayenda motere. Umatenga mtundu umodzi wa chomera. Umafufuza pepala lililonse la chomeracho limene ungalipeze m'makabati a m'mayiko osiyanasiyana, n'kutsimikiza ndi maso ako kuti dzina lolembedwapo n'loona, chifukwa ambiri amakhala olakwika. Malo alionse otsimikizika umaika kadontho pa mapu. Mapuwo akhale ojambulidwa ngati ukuyang'ana dziko kuchokera pamwamba pa North Pole. Mapu a pakhoma la kusukulu amadula dziko pa Bering Strait pomwepo, Siberia n'kukhala kumanja kwenikweni, Alaska kumanzere kwenikweni, ndiye chimene ukufuna kuona chimang'ambika pakati. Timadontho tikakwana umazunguliza mzere. Umachita chimodzimodzi ndi mtundu wachiwiri, wachitatu, mpaka mazana ambiri.

Kenako umasanja mapuwo m'milu malinga ndi maonekedwe a dera, osati ubale wa zomerazo. Udzu, msondodzi ndi duwa zikhoza kugwera mulu umodzi. Mu mulu uliwonse umawaika motsatana, kuyambira wa dera laling'ono kwambiri kukafika wa dera lalikulu. Ukawasanjikiza, madera aja amalowana ngati mbale zazing'ono m'kati mwa zazikulu: chomera china chimangopezeka mbali ziwiri za mpata uja, china chafika ku mtsinje wa Kolyma ku Siberia kumadzulo ndi ku Yukon kum'mawa, china chafika kutali koposa, ku mtsinje wa Lena ku Siberia ndi wa Mackenzie ku Canada, china chatsala pang'ono kuzungulira dziko lonse. Maonekedwe n'ngofanana, kukula n'kosiyana, ndipo pakati n'pamodzi. Iye adawatcha equiformal progressive areas, kutanthauza madera ofanana maonekedwe okula motsatana. Maganizo ake anali akuti zomera zonsezi zidayambira pamalo amodzi ayezi atachoka, ndipo china chilichonse chidayenda mtunda umene mphamvu zake zidalola. Pamene mizere yonse yakumana ndi pamene zidabisala.

Milu ingapo idaloza malo osiyanasiyana. Koma mulu waukulu wa zomera za kumpoto udaloza pamalo pamene lero pali madzi, ndi magombe ake awiri. Dziko limeneli adalitcha Beringia, potengera mpata uja, umene nawonso udatengera dzina kwa Vitus Bering, mlendo wa panyanja wa ku Denmark amene adadutsapo mu 1728 akugwirira ntchito Russia. Masiku ano dzinali limatanthauza dera lonse kuyambira ku mtsinje wa Lena mpaka ku Mackenzie.

Funso lodziwikiratu n'lakuti dziko la kumpoto chotere lidapulumuka bwanji, pamene Canada ndi Scandinavia zidali pansi pa ayezi wokhuthala makilomita awiri kapena atatu. Yankho lake ndi chilala. Ayezi wotere samabwera ndi kuzizira kokha; amafuna chipale chofewa chochuluka chogwa chaka ndi chaka osasungunuka chonse. Mapiri aatali a kumwera kwa Alaska ankatsekereza chinyezi cha ku Pacific, nyanja ya kumpoto inali youndana, ndipo kuuma kwa mpata uja kudachititsa kuti gombe litalikire kwambiri. Chigwacho chinali chozizira koopsa koma chouma, cha udzu ndi zitsamba zazifupi, modya njovu zaubweya zotchedwa mammoth, mahatchi ndi njati za kumpoto. Anthu oyamba kulowa mu America adadzera dera lomweli. Nyanja idadzabwerera n'kulimiza zaka pafupifupi 11,000 zapitazo.

Hultén adayesanso kufotokoza chifukwa chake zomera zina zidayenda kutali pamene zina zidangokhala pomwe zidabisala. Ankati mtundu umene udapulumukira m'dera lalikulu, uli wochuluka, udasunga kusiyanasiyana kwa chibadwa chake, choncho udatha kuzolowera nthaka zatsopano. Umene udapanikizika m'kachigwa kamodzi udatsala ndi chibadwa chochepa, n'kukhala wouma khosi, wosatha kufalikira ngakhale malo atatseguka. Adanena izi popanda chida chilichonse choyezera chibadwa.

Njirayi ili ndi misampha yake, ndipo sibwino kuibisa. Woyamba: kadontho kamasonyeza pamene wotola adafika, osati pamene chomera chili. Mapu akale a Alaska ali ndi timadontho tothithikana m'mbali mwa mtsinje wa Yukon, pamadoko ndi pamigodi ya golide, popeza ndi mmene zombo zinkadutsa, pamene mapiri akutali ali mbee. Mpata wa pa mapu ukhoza kukhala mpata wa alendo chabe. Wachiwiri: mayina a malo. Mudzi umodzi umakhala ndi dzina la eni dziko, la Chirasha ndi la Chingerezi, mitsinje ingapo imatchedwa dzina limodzi, ndipo pepala lakale longolembedwa kuti "Siberia" silithandiza aliyense. Wachitatu: pepala limodzi lotchulidwa dzina lolakwika likhoza kukoka mzere makilomita 1,000 kupita kumene chomeracho sichidamerepo, ndipo olemba ena akalikopera cholakwacho chimabala ana. N'chifukwa chake pa mapu abwino malo amene wolemba adaona yekha pepala lake amasiyanitsidwa ndi amene adangowerenga m'buku. Wachinayi ndiye waukulu: malire a chomera sanena mbiri yokha. Chikhoza kulekeza penapake chifukwa nthaka ya laimu yathera pomwepo, kapena nyengo yotentha yafupika kwambiri, osati chifukwa chakuti chidakali paulendo. Madera awiri akhoza kufanana maonekedwe chifukwa cha nyengo ya lero basi. Chimene chidateteza Hultén ndi kuchuluka kwa mapu ake. Cholakwa cha mtundu umodzi chimamira pakati pa mitundu mazana.

Zotsatira za moyo wake wa ntchito zikhoza kunenedwa mwachangu. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi pambuyo pake adalemba Flora of Alaska and Yukon, m'magawo khumi, kuyambira 1941 mpaka 1950. Mu 1945 adakhala pulofesa ndi mkulu wa gawo la zomera ku Naturhistoriska riksmuseet, nyumba yosungira zachilengedwe ya dziko la Sweden, ku Stockholm, mpando umene adakhalapo mpaka 1961. Mu 1950 adatulutsa buku la mapu a zomera za m'mayiko a Nordic, a kumpoto kwa Ulaya, limene lidakonzedwanso mu 1971. Mu 1953 adasankhidwa kulowa mu Royal Swedish Academy of Sciences. Mu 1958 adalemba za zomera zopezeka mbali ziwiri za nyanja ya Atlantic, ndipo apa sadafune mlatho wina: ankaona zambiri mwa izo ngati zotsalira za mitundu imene kale inkazungulira dziko lonse, n'kudzatha m'madera apakati. Mwana wake Pontus Hultén adatchuka m'njira ina kotheratu, monga mkulu wa nyumba za zojambulajambula, Moderna Museet ku Stockholm ndi ya ku Centre Pompidou ku Paris.

Kupuma pa ntchito sikudamuimitse. M'zaka za m'ma 1960 adabwerera ku Alaska kukatola m'madera amene mapu ake anali opanda timadontho, ndipo mu 1968, ali ndi zaka 74, Stanford University Press idasindikiza Flora of Alaska and Neighboring Territories, buku la masamba pafupifupi 1,000 lofotokoza mitundu yoposa 1,500. Kasanjidwe kake ndiye kakusonyeza bwino mmene munthuyu ankaganizira. Chomera chilichonse chili ndi mawu ochepa ochifotokoza, chithunzi chojambula pamanja, ndi mapu awiri: amodzi a timadontho a Alaska ndi madera oyandikana nawo, kuphatikizapo nsonga ya Siberia, ena aang'ono osonyeza dera lonse la chomeracho kuzungulira kumpoto kwa dziko. Munthu amene wangofuna dzina la duwa limene watola m'mbali mwa msewu amapezeka akuona, asanafunse n'komwe, ngati abale ake ali ku Chukotka, nsonga ija ya Siberia, kapena ku Greenland. Mayina ena m'bukuli adasintha, koma likugwiritsidwabe ntchito.

Adamwalira pa 1 Febuluwale 1981 ku Stockholm. Buku lake lomaliza, la mapu pafupifupi 2,000 a zomera za kumpoto kwa Ulaya, lidamalizidwa ndi Magnus Fries, katswiri wina wa zomera wa ku Sweden, ndipo lidatuluka m'magawo atatu mu 1986.

Kuyesa kwenikweni kwa maganizo ake kudabwera iye atapita, anthu atayamba kuwerenga DNA ya zomera. Mfundo yake njosavuta: pamene mtundu udakhalitsa pamapezeka chibadwa chosiyanasiyana, pamene udangofika kumene pamapezeka chochepa, popeza ndi njere zowerengeka zimene zidatsegula njira. Mu 2000 Richard Abbott ndi anzake adafalitsa kafukufuku wa Saxifraga oppositifolia, kaduwa kofiirira ka m'miyala kopezeka kuzungulira kumpoto konse, ndipo zimene adapeza zidagwirizana ndi zoti Beringia idali kothawira kwakukulu. Pa liwiro la zomera, komabe, nkhani idasinthako. Kafukufuku wa Inger Greve Alsos ndi anzake wa mu 2007 adasonyeza kuti zilumba za Svalbard za kumpoto kwa Norway, zimene zidali pansi pa ayezi ndipo zili makilomita mazana ambiri kuchokera ku mtunda uliwonse, zidalandira zomera kambirimbiri kuchokera mbali zosiyanasiyana, monga ku Russia ndi ku Greenland. Njere zimawoloka nyanja, mwina pouluzika ndi mphepo pamwamba pa ayezi, mwina pa mitengo yoyandama kapena ndi mbalame. Chimene chimaletsa chomera kukhazikika kumeneko kawirikawiri si mtunda, koma kufupika kwa nyengo yotentha imene njereyo ikufuna kuti imere ndi kubereka.